NDEMANGA: KOLOKO IKASOKERA, WOLANGIDWA NDI WOLIPIRA

Mlandu umene tifuna kuutula pabwalo sabata ino ungaoneke wacabecabe kwa munthu amene sunamugwerepo. Ndi mlandu wa koloko. Sitikunena koloko yopacika pakhoma kapena wochi ya pamkono ai, koma kakoloko kosaoneka kamene kamayenda m'kati mwa kompyuta, m'foni ndi m'tumabokosi tija tolumikiza ku wailesi ya kanema. Kakoloko kameneka kakasokera, munthu amene analipira ndalama zake zonse amaletsedwa kuonera kanema m'nyumba mwake momwe, ndipo makina amene amuletsawo samuuza cimene walakwa.

Anthu a m'mafulati a ku Kabwata ndi a m'nyumba za ku Chelstone akudziwa m'mene zimacitikira. Magetsi abwera madzulo, banja lisonkhana, wina ayatsa kompyuta kapena kabokosi kuti aonere sewero limene analisunga dzana, ndipo m'malo mwa sewero patuluka mau a Cingelezi ndi nambala yaitali yopanda mutu. Woyamba kunenedwa amakhala netiweki. Kenaka akaikira bandulo, nagula ina. Zikakanika amanenera mwana kuti wagwiragwira makina, ndipo m'mawa mwake cipangizo cimanyamulidwa kupita m'tauni kwa okonza. Ndi anthu ocepa amene amaganiza zoyang'ana pakona pamene makina amaonetsa tsiku ndi nthawi, pamene vuto lonse lagona.

Tiyenera kufotokoza m'mene loko wa kanema amagwirira nchito, pakuti amene amatigulitsa zinthu zimenezi sacita khama kutifotokozera. Eni mafilimu ndi masewero salola kuti nchito zao zifike kwa ife poyera. Kanemayo amayamba wasokonezedwa dala kotero kuti sangaoneke popanda mfungulo, ndipo mfunguloyo imabwera m'kati mwa cilolezo cimene kampani imatumiza ku cipangizo ca munthu wolipira. Maloko akuluakulu otere m'dziko lapansi ndi atatu: Widevine wa kampani ya Google, PlayReady wa Microsoft, ndi FairPlay wa Apple. M'cilolezo mumalembedwa masiku: tsiku loyambira ndi tsiku lothera. Mwacitsanzo, mafilimu ena amene munthu wasunga m'foni kucokera ku Netflix amatha mphamvu pakapita maola 48 ciyambire kuwaonera. Tsono makina alibe dzuwa loti aziliyang'ana, alibe tambala, alibe mnansi woti amufunse kuti lero ndi pa cingati. Mboni yao ndi kakoloko kaja. Kakanena kuti caka cino ndi ca m'mbuyo, makina amaona ngati cilolezo sicinayambe kugwira nchito. Kakathamangira kutsogolo, amati cilolezo cinatha kale. Ngakhale kulankhulana kwa cipangizo ndi kampani pa intaneti kumadalira ziphaso zokhala ndi masiku, kotero kuti koloko yosokera imatseka ndi njira yomwe yokatengera cilolezo catsopano.

Pali cina coposa pamenepa. Opanga maloko anadziwa kuti munthu wocenjera angathe kubweza koloko m'mbuyo kuti filimu ya masiku awiri ikhale naye caka cathunthu. Cotero anaphunzitsa makina kukumbukira nthawi imene anaona komaliza, ndi kukaikira aliyense amene koloko yake yabwerera m'mbuyo. M'loko wakale wa Microsoft wochedwa Windows Media DRM, mwini kanema anali ndi ufulu wosankha cocita koloko ikabwezedwa: kuimitsa cilolezo kufikira koloko itakonzedwa, kapena kucifafaniziratu. Loko wa PlayReady, amene analowa m'malo mwake kuyambira mu 2007, nayenso ali ndi mlonda wotere. Mlondayu sadziwa kusiyanitsa wakuba ndi mayi amene wangokonza nthawi cifukwa inali yolakwika. Kwa iye onse ndi akuba, ndipo palibe bwalo locitirako apilo.

Mlonda wotere anapangidwira maiko amene magetsi sazima ndiponso anthu amagula makina atsopano m'bokosi. Kuno ku Lusaka zinthu ziri mosiyana, ndipo ndi cifukwa cake tati nkhaniyi ndi yathu.

Makompyuta ambiri amene ana athu a sukulu ndi anchito a m'maofesi ali nao ndi ogwirapo kale nchito kunja, ogulidwa m'tumasitolo ta ku Katondo Street, m'mbali mwa Cairo Road, ku Town Centre ndi ku Kamwala. M'kati mwa makompyuta ambiri muli kabatire kozungulira ngati kandalama kacitsulo, kawirikawiri ka mtundu wa CR2032, ka mavoti 3. Nchito yake ndi imodzi: kuyendetsa koloko pamene makina azimitsidwa. Kabatireka kamakhala zaka zingapo, kenaka kamafa mwakacetecete. Kompyuta imene yatumikira zaka zisanu kapena zisanu ndi ziwiri m'ofesi ya ku Ulaya imafika kuno kabatire kali pafupi kutha, ndipo wogulitsa amapukuta galasi, kuikamo mapulogalamu ndi kuchula mtengo, osayang'ana kabatireko. Kakafa, kompyuta iriyonse ikazimitsidwa ndi kusowa moto imadzuka iri m'caka cimene inapangidwa kapena m'mbuyo mwake.

Makina omwewo amabweranso ndi nthawi ya kwao. Dziko la Zambia liri maola awiri patsogolo pa nthawi ya Greenwich caka conse, ndipo sitisuntha makoloko athu. Ku London amasuntha: kuyambira kumapeto kwa March kufikira kumapeto kwa October amakhala ola limodzi m'mbuyo mwathu, miyezi yotsalayo maola awiri. Munthu amene wagula kompyuta yocokera kumeneko akaona kuti nthawi yatsalira, amacita zimene aliyense wanzeru angacite ndi wochi: amaikankhira kutsogolo ndi dzanja. Sadziwa kuti cofunika kusintha ndi dera la nthawi, limene pa Windows limalembedwa ndi maina a Harare ndi Pretoria. Pamaso nthawi imaoneka yolondola, koma pansi pake makina akhala atapita patsogolo pa dziko lonse. Tsiku limene kompyuta idzafunsa nthawi yeniyeni pa intaneti, koloko imalumpha kubwerera m'mbuyo, ndipo mlonda uja angathe kuona ngati wagwira mbala.

Koma cimene cakulitsa vutoli kwambiri ndi magetsi. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse. Madzi atacepa ku Kariba, ZESCO inayamba mu March kuzima magetsi maola 8 patsiku, ndipo pofika mu September nyumba zambiri mu Lusaka zinali kuona magetsi maola owerengeka pa zala za dzanja limodzi. Tumabokosi tambiri totsika mtengo ta Android timene tadzaza m'masitolo tiribe ndi kabatire komwe ka koloko. Magetsi akazima timaiwala zonse, ndipo akabwera timadikira intaneti kuti itiuze tsiku. Intaneti ikacedwa kudzuka, kapena bandulo ikakhala itatha, kabokosi kamayamba kuwerenga pa tsiku limene kanabadwa nalo. Tina timabwerera mpaka pa 1 January 1970, tsiku limene makina a mtundu umenewu amayambira kuwerengera nthawi, ndipo kuno timaonetsa 02:00 usiku cifukwa ca maola athu awiri aja. Owerenga akuluakulu angaseke akaganizira tsiku limenelo: ufulu wa Zambia unali ndi zaka zisanu, Kwacha inali ndi zaka pafupifupi ziwiri, a Kenneth Kaunda anali ku State House, ndipo njanji ya TAZARA inali isanayambe kumangidwa. Kabokosi kamene kakuganiza kuti kali m'masiku amenewo sikangakhulupirire ciphaso colembedwa caka catha.

Apa mpamene kusiyana kwa anthu kumaonekera. Nyumba zambiri za ku Kabulonga ndi ku Woodlands ziri ndi sola padenga ndi mabatire aakulu, kotero kuti makina ao sazima ndipo koloko zao sizisokera. Mphunzitsi wa ku Chelstone kapena kalaliki wa ku Kabwata, amene amalipira mtengo womwewo wa pamwezi pocotsa pa ndalama ya ndiwo, ndiye amakumana ndi khomo lotseka. Masiku amene walephera kuonera palibe amene amamubwezera.

Tinene mwacilungamo kuti madikoda a mbale ndi a mlongoti, monga a DStv, GOtv ndi TopStar, sagwa kawirikawiri m'dzenje limeneli, pakuti amalandira nthawi pamodzi ndi zithunzi kucokera kumene kanema akuulutsidwira. Vuto lakula pamene anthu asamukira ku kanema wa pa intaneti, makamaka kuyambira mu January 2016 pamene Netflix inatsegulira maiko ambiri kuphatikizapo Zambia, ndiponso pamene makampani a madikoda nao ayamba kupereka mapulogalamu ao pafoni ndi pakompyuta.

Wina angati colakwa ndi cathu: makina athu ndi akale, magetsi athu ndi osadalirika. Koma mbiri ikuonetsa kuti eni maloko naonso amapunthwa pa koloko yao yomwe. Pa 1 March 2010 makina akale a PlayStation 3 a kampani ya Sony anasokonezeka m'dziko lonse lapansi cifukwa koloko ya m'kati mwake inawerenga caka ca 2010 ngati cokhala ndi 29 February, tsiku limene kunalibe. Anthu analephera kutsegula ngakhale masewera ena amene anagula ndi ndalama zao, ndipo kampaniyo inawalangiza kuti asayatse makinawo kufikira tsikulo litadutsa. Pa 9 March 2025 tumakina ta Chromecast ta mbadwo waciwiri, timene Google inagulitsa kuyambira mu 2015 kuti anthu azitumizira kanema kucokera pafoni kupita pa wailesi ya kanema, tinaleka kugwira nchito tsiku limodzi paliponse. Panalibe cimene cinathyoka. Ciphaso ca zaka khumi cimene cinali m'kati mwake cinafika tsiku lothera popanda wocikonzanso, ndipo mafoni anayamba kutikana ngati tumakina tacilendo. Google inapepesa, inacenjeza anthu kuti asafafanize zonse za m'kati poyesa kukonza, ndipo inatumiza mankhwala patapita masiku angapo. Codabwitsa n'cakuti m'masiku odikirawo anthu ena anadzithandiza pobweza tsiku la m'foni kuti likhale lisanafike 9 March. Mcitidwe womwe loko amauyesa umbava ndi umene unapulumutsa ogula ku kuiwala kwa mwini loko.

Nyuzipepala ino siikira kumbuyo akuba nchito za anzao. Tikudziwa m'mene oimba ndi ocita masewero a dziko lino asaukira pamene makaseti ndi madisiki ao anali kugulitsidwa pamsewu iwo osalandirapo ngwee. Ndi cifukwa cake Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Copyright and Performance Rights Act mu 1994, nilikhwimitsa mu 2010, ndipo ndi cifukwa cake kuli kabungwe ka ZAMCOPS koyang'anira malipiro a oimba. Amene anasewera mu Mpali ndi mu Zuba pa Zambezi Magic nao ali ndi ana ofuna sukulu ndi lendi yofuna kulipira. Munthu wokolola m'munda wa mnzake ayenera kuletsedwa.

Funso lathu ndi lakuti: kodi loko ameneyu akuletsa yani? Filimu yakuba imene mnyamata wa pamsika amaikira anthu pa fulashi iribe loko, iribe tsiku lothera, ndipo sifunsa koloko. Imaseweredwa ngakhale kompyuta itanena kuti tiri mu 1970. Wogula yakubayo amaonera mwamtendere usiku wonse, pamene mnansi wake amene analipira mwalamulo akulimbana ndi nambala zosamveka. Akuluakulu anati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Ndipo wolipirayo akakanizidwa kawiri, katatu, ndani angamudzudzule tsiku limene adzatenga fulashi yake ndi kulowera kumsika? Pamenepo woluza si kampani ya kutsidya kwa nyanja yokha ai, komanso wosewera wathu wa kuno amene loko uja amati akumuteteza.

Pali cinanso cimene catayika mwakacetecete, ndipo ndi ici: tanthauzo la mau akuti "canga". Banja limene linajambula pa kaseti ya vidiyo mpira womaliza wa cikho ca Africa ku Tunis mu 1994, pamene timu yatsopano ya Zambia inagonja 2-1 kwa Nigeria patangopita pafupifupi caka cicitikire ngozi ya ndege ku Gabon, lingathe kuonera kasetiyo lero ngati lapeza makina ake. Kaseti sifunsa tsiku, sifunsa ngati kampani imene inaipanga ikadalipo. Koma zimene munthu amajambula m'dikoda yolipira masiku ano zimakhala zokhoma, sizitseguka pa makina ena, ndipo dikodayo ikafa zimafera limodzi. Zogula pa intaneti nazo ziri m'manja mwa wosunga mfungulo. Mu 2008 Microsoft inalengeza kuti idzatseka makina opereka zilolezo za nyimbo zimene anthu anagula ku sitolo yake ya MSN Music, ndipo inangokankhira tsikulo kutsogolo ogula atafuula. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wa m'makina a eni ake ndi wobwereka, ngakhale pa risiti palembedwe kuti wagula.

Pa cifukwa cimeneci tikupempha osunga cuma ca zithunzi za dziko lino, a ZNBC ku Mass Media Complex pa Alick Nkhata Road ndi a National Archives of Zambia, kuti aonetsetse kuti ciriconse cojambulidwa ca mbiri yathu ciri ndi kope losakhoma, losungidwa m'dziko muno, losadalira cilolezo ca kampani iriyonse. Wailesi ya kanema inayamba ku Kitwe mu 1961, ndipo kucokera nthawi imeneyo makina asintha kambirimbiri. Mu 2017 madera a m'mbali mwa njanji anasiya kuulutsa kwakale ndi kulowa m'njira ya dijito, imene ikuyendetsedwa ndi TopStar, kampani ya ZNBC ndi StarTimes ya ku China. Kusintha kwina kudzabweranso. Zithunzi za usiku wa ufulu mu 1964 kapena za cikho ca ku Libreville mu 2012 siziyenera kudzatsekeredwa tsiku lina cifukwa ciphaso ca munthu wina catha.

Kwa makampani ogulitsa kanema pempho lathu ndi laling'ono, ndipo n'zomvetsa manyazi kuti tiyenera kulipempha. Makina amadziwa bwino lomwe pamene koloko yao yasemphana ndi ya kampani. Nanga cowaletsa n'ciani kulemba mau omveka akuti tsiku la cipangizo canu lalakwika, likonzeni? Mapulogalamu ena otsegulira intaneti amacita kale zimenezi. Amene amatolera ndalama mwezi ndi mwezi mu Zambia angathenso kuika malangizo otere m'zinenero zisanu ndi ziwiri zimene ZNBC imaulutsiramo: Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale. Ndipo koloko ikakonzedwa, cilolezo cibwerere comweco popanda kumukakamiza munthu kukoperanso filimu yonse ndi bandulo yatsopano.

Boma nalo liri ndi zida m'manja. Bungwe la ZICTA limapima ndi kuvomereza zipangizo zolankhulirana zisanagulitsidwe m'dziko muno; lingathe kufunsa ngati kabokosi kamene kakulowa kamasunga nthawi magetsi akazima, ndi kulamula kuti wogula auzidwe ngati sikasunga. Lamulo la Competition and Consumer Protection Act la 2010 limaletsa kugulitsa katundu wolephera nchito imene anagulidwira, ndiponso limaletsa zikwangwani zija zonena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Kompyuta imene imaiwala caka usiku uliwonse ndi katundu wopunduka, ndipo a CCPC ayenera kuwauza zimenezi amalonda a m'tauni. Kabatire katsopano mtengo wake ndi wocepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa kompyuta. Wogulitsa woona mtima angakaikemo asanalandire ndalama, nakonzeratu dera la nthawi kuti likhale lathu.

Okonza makina naonso tiwalankhule. Ambiri ndi acinyamata aluso amene anadziphunzitsa okha, ndipo mzinda uno sungayende popanda iwo. Koma pali cizolowezi coipa cakuti vuto liri lonse mankhwala ake ndi kufafaniza zonse ndi kuyambanso. Pa matenda a koloko mankhwala amenewa amapha wodwala: zilolezo zimapita, mafilimu osungidwa amapita, zithunzi za banja nthawi zina zimapita, ndipo pakatha sabata vuto limabwerera pakuti kabatire kakufa kakadali momwemo.

Inu owerenga, kanema wolipiridwa akakana kutseguka, musathamangire kugula bandulo ina kapena kukwera minibasi ya m'tauni. Yambani mwayang'ana tsiku, mwezi ndi caka pa cipangizo canu. Onani ngati dera la nthawi ndi la maola awiri patsogolo pa Greenwich, ndipo lolani makina kuti azitenga nthawi okha pa intaneti m'malo moikankha ndi dzanja. Magetsi akabwera, yatsani intaneti coyamba, mudikire pang'ono, kenaka muyatse kabokosi. Musabweze koloko m'mbuyo pofuna kutalikitsa masiku a filimu, pakuti mungataye ndi zina zomwe zimene munali nazo mwalamulo. Ngati kompyuta imaiwala tsiku nthawi zonse ikazimitsidwa, uzani wokonza kuti asinthe kabatire ka koloko kokha, ndipo muimirire pomwepo pamene akukasintha.